Theka la Banzi

Lonjezolo linaperekedwa kuseri kwa makalasi, pansi pa thanki ya madzi yomwe inkadontha chaka chonse, onse awiri akadali ana a sekondale. Kumeneko n'kumene mtsikanayo ankabisala nthawi yopuma. Anzake ankamutchula kuti Dzungu, ndipo akangomuona akutafuna kanthu ankakodolana n'kumamuyang'ana kukamwa. Choncho anaphunzira kusadya pagulu.

Amene anamutulukira anali mnyamata woonda, mwana wa telala, yemwe kalasi yonse inkamuti Chigamba chifukwa buluku lake linali ndi zigamba zosokedwa bwino kuposa buluku lenilenilo.

"Sukudya?"

"Ndakhuta."

"Wakhuta chiyani? Mimba yako ndaimvera kuseri kwa khomali. Ndimayesa kukubwera mvula."

Mtsikanayo anafuna kukwiya koma kuseka kunatsogola. Chigamba anatulutsa banzi m'thumba, lophwatalala mbali imodzi chifukwa anali atalikhalira, n'kulinyema pakati. Anayerekeza zidutswa ziwirizo ngati munthu wogawa malo, kenaka anamupatsa chokulirapo.

"Tamvera. Kuyambira lero, chilichonse chimene ndizidya iwe uli pompo, theka ndi lako. Ngakhale tidzakalambe mano onse atatha, tizidzagawana zomwe amadya opanda mano."

Ndipo analisungadi. Nthochi ankaithyola, switi ankailuma pakati, dzira lowiritsa ankalidula ndi ulusi wosolola pa malaya ake monga mwana wa telala. Dzina la Dzungu analikwirira yekha. Anayamba kumuitana kuti Theka, dzinalo n'kumera mizu mpaka bambo ake a mtsikanayo analitengera. Chigamba atapita kunja kukaphunzira, komwe anakhalako zaka zambiri, ankatumiza zithunzi za mbale yake, chakudya atachikankhira mbali imodzi. Pansi pake ankalemba kuti, "Chako chikuzizira."

* * *

Anabwerako ali munthu yemweyo, kupatula pamkono. Pamkonopo panali wotchi yomwe inkawerenga mapazi ake, kugunda kwa mtima wake ndi tulo take, ndipo akakhalitsa pansi inkanjenjemera kumukalipira.

"Wabwera ndi mkazi kale," Theka anamuseka tsiku loyamba, "ndipo ndi wolongolola."

Tauni nayo inali itavala zachilendo. Mtengo waukulu wa pamphambano, womwe mthunzi wake unalera mibadwo ya anthu odikira basi, anaudula kuti paime chikwangwani cha mkazi wopyapyala akumwa madzi a m'botolo. Kantini ya tiyi yomwe awiriwa ankakumanirana inalipobe, koma itapanikizika pansi pa masitepe, chifukwa pamwamba pake anamangapo nyumba yolimbitsira thupi, yamagalasi okhaokha, momwe anthu ankathamanga pa lamba osapita kulikonse. Panali nthawi, si kale kwenikweni, pamene mayi akaona mtsikana wathupi ankati kwawo kuli mtendere. Amayi omwewo lero ali ndi mafoni, ndipo mafoniwo anawauza kuti mkwatibwi azioneka ngati wangotuluka kumene m'chipatala.

M'kantini momwemo, mapazi a othamanga akugunda padenga, Chigamba anamufunsira ukwati. Theka anali m'chaka chomaliza ku koleji ya anamwino, mayeso otsiriza atatsala miyezi yochepa. Anavomera asanamalize n'kufunsa komwe. Tsiku limenelo banzi anagawana, ndipo Theka analandira chokulirapo.

* * *

Mayi a Chigamba, omwe aliyense ankawati Mayi Telala, ankasokera m'chipinda chakutsogolo kwa nyumba yawo. Munali makina awiri, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi chidole chopanda mutu choyezera zovala. Theka ankachidziwa chipindacho kuyambira ali mwana, pakuti mayunifomu ake onse anasokedwera momwemo. Koma kulowamo ngati kasitomala ndi kulowamo ngati mpongozi zinali zinthu ziwiri zosiyana.

"Kweza manja. Usakoke mimba, tisanamizane."

Tepi inazungulira pachifuwa, inatsikira m'chiuno. Theka ankayang'ana pagalasi, ndipo anaona bwinobwino chala chachikulu cha mayiwo chikuchoka pomwe tepi inakumana n'kumabwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, mpaka chinakaima pomwe iwo anafuna. Nambala imeneyo ndi yomwe anailemba ndi choko patebulo.

"Diresi ndisoka ndekha, ndi mphatso yanga," anatero mapini ali pakamwa. "Mwana ndili naye mmodzi yekhayu. Anthu adzabwera kudzaona ntchito ya manja anga, osati keke. Tsiku la ukwati tidzalitchula zipi ikatseka."

"Mayi, nambala mwalembayo si yanga."

"Idzakhala yako. Ukadali mwana, thupi limamva."

Pakona, pampando wa makasitomala, panali mtsikana wamtali atapinda miyendo, akuyamwa madzi m'botolo ngati wa pachikwangwani uja. Anali mwana wa mnzawo wa pamtima wa Mayi Telala, ndipo ankaphunzitsa anthu masewera m'nyumba yamagalasi ija. Tauni yonse inkadziwa kuti amayi awiriwa anali atakwatitsa kale ana awo m'maloto, Chigamba asanakwere n'komwe ndege. Tsiku limenelo akuti anangodutsa kudzapereka moni.

"Musadandaule asisi," anatero ndi mawu otsekemera. "Kwathu kuja kumabwera ena oposa inu. Ndikuthandizani."

Ali panja Theka anadikira kuti Chigamba, yemwe anamuperekeza n'kumva zonse, anene kanthu. Chigamba anayang'ana wotchi yake.

"Wawamva mayi ako?"

"Mayi ndi choncho, ukuwadziwa. Ukalimbana nawo amaumirapo. Tizithamanga limodzi m'mawa uliwonse, iwe ndi ine. Si za diresi zokha, Theka, ndi za moyo wako womwe."

Theka anavomera. Ankamukonda, ndiponso anali ndi chake chomwe ankadalira mumtima. Mayi Telala ankadziwika ndi chinthu chimodzi: m'kati mwa msoko uliwonse ankasiyamo nsalu yokwana zala ziwiri. Ankati mkazi amanenepa, amaonda, amatenga pakati, ndiye chovala chizikhala ndi pothawira. Yunifomu ya Theka anaimasula chaka ndi chaka mpaka anamaliza nayo sukulu. Mayi otere, Theka anadziuza, akhoza kuuma pakamwa, koma manja awo sangaiwale chizolowezi chomwe akalamba nacho. Ndingoyesetsa ndifike pafupi. Kotsalako adzamasula msoko.

* * *

Kuyambira pamenepo moyo wake unatsala pakati pa malo atatu: bwalo lothamangira, laibulale, ndi sikelo yomwe ankaisunga pansi pa bedi. Kunja kusanayere foni inkalira. "Ndili pageti." Ankathamanga mpaka m'khosi kumva kukoma kwa chitsulo, n'kubwerera kukasamba, n'kukakhala m'kalasi. Masana ankadya masamba osaphika, nkhaka ndi dzira limodzi. Tiyi ankamwa wopanda shuga, wowawa ngati mankhwala a malungo.

Mnzake wa m'chipinda ku hositelo, yemwe anthu ankamuti Wailesi chifukwa ankayamba kuyankhula asanatsegule maso, ankaiyang'ana mbaleyo mwachisoni.

"Ichi ndi chakudya chako, kapena ukusungira mbuzi kwinakwake?"

"Ndisiye."

"Ndakusiya. Ukujambulanji tsono?"

"Chigamba amafuna aziona zomwe ndikudya."

Wailesi anaika supuni pansi. "Kale ankakutumizira mbale yake kuti udye nawo. Lero ukumutumizira yako kuti aichonge ngati homuweki. Akupatsa zingati lero? Wakhoza?"

Foni inalira. Theka anawerenga osafuna kuti mnzake aone, koma Wailesi anali ataima kale kumbuyo kwake.

"'Wachita bwino. Mawa dzira uchotse chikasu.' Mayi wanga ine. Dzira lopanda chikasu ndi dzira kapena ndi chikumbutso cha dzira?"

Theka anaseka, koma kusekako kunamupweteka m'nthiti. Anakokera buku pafupi. Tsamba lomwe anatsegula linali lomwe lija anatsegula dzulo ndi dzana. Ankawerenga ndime, akafika kumapeto n'kupeza kuti chiyambi chatuluka kale m'mutu, ngati madzi otungira m'dengu. Njala sinkamuluma m'mimba mokha. Inkakhala naye pa desiki, n'kumamunong'oneza za buledi wotentha pakati pa mayina a mafupa a munthu.

Sikelo inkatsika, inde, koma mwaulesi, ngati munthu wotumidwa komwe sakufuna.

* * *

Dzina lakuti Nsungwi analipeka Wailesi, tsiku lomwe anamuona mtsikana wamtali uja pabwalo. "Wautali, woongoka, m'kati mopanda kanthu," anatero. Nsungwi anayamba kubwera m'mawa uliwonse, akuti kudzathandiza asisi. Maulendo oyambirira ozungulira bwalo ankathamanga onse atatu. Kenaka Theka ankayamba kutsalira, mpweya ukumuthera, ndipo awiriwo ankapitirira, mapazi awo akugunda pansi nthawi imodzi ngati anachita kupangana. Akamudutsa pozungulira, Chigamba ankamuombera m'manja.

"Limba, Theka. Osaima."

"Mapewa m'mbuyo, asisi," Nsungwi ankawonjezera, osatuluka ngakhale thukuta.

Tsiku lina Theka anaima n'kugwira mpanda. Anawayang'ana ali tsidya lina la bwalo, atayandikizana mitu, akuonetsana mawotchi awo n'kumaseka. Nsungwi anagwira dzanja la Chigamba kuti aone bwino manambala, ndipo sanafulumire kulisiya.

Madzulo ake chithunzi cha manja awiriwo chinali pa foni ya aliyense. Nsungwi anachiika poyera, pansi pake atalemba kuti, "Mitima yogunda mofanana."

"Amanena za mawotchi," Chigamba anayankha Theka atamutumizira chithunzicho.

"Ndiye umuuze achichotse."

"Ndikamuuza zioneka ngati pali nkhani. Usakhale wansanje, si khalidwe lako. Wadya chiyani madzulo ano?"

Theka anaponya foni pabedi. Foni inaliranso, ndipo ankayesa ndi yemweyo, koma anali bambo ake, dalaivala wopuma ntchito yemwe anamulera yekha mayi ake atamwalira.

"Mayi wanga, mawu akowo bwanji? Ukudwala?"

"Ayi bambo, ndi mabuku chabe."

"Mabuku sachepetsa mawu. Ukudya koma?"

"Ndikudya."

"Galimoto yopanda mafuta ngakhale uipukute chotani siikwera mtunda, ndakhala pa chiwongolero moyo wanga wonse. Ine chomwe ndikudikira n'kukuona utavala zoyera za unamwino. Zoyera zinazo zidzabwera pambuyo."

"Ndamva, bambo."

Atadula foni anakhala pabedi ataigwira m'manja. Kuwauza zoona kukanakhala kuyatsa moto pakati pa mabanja awiri, ndipo bambo akewo sakanalola kuti mwana wawo apondenso pakhomo pa Mayi Telala. Kusiya kuthamanga kunali kumusiyira Nsungwi bwalo lonse. Kupitiriza kunali kumangoyang'ana tsamba limodzi mpaka tsiku la mayeso. Kulikonse komwe ankatembenukira kunali khoma.

* * *

Mayeso oyeserera anafika asanakonzeke. M'holo munali zii, kumangomveka mapeni ndi fani yakale yomwe inkalira ngati ikudandaula. Theka anali atathamanga m'mawawo, m'mimba muli tiyi yekha. Funso lachitatu linkafuna kuti atchule zizindikiro za kuchepa kwa shuga m'magazi.

Anaziwerengapo zimenezi kambirimbiri. Anayang'ana dzanja lake likunjenjemera pa pepala. Thukuta lozizira linkatsika kumsana. Mizere ya pepalalo inayamba kusambira, holo n'kupendekeka pang'ono ngati bwato. Anadziwa kuti yankho lili penapake pafupi kwambiri, koma mawu ake anakana kubwera. Anaika mutu pa desiki kuti apume kamphindi, ndipo anadzidzimuka anzake akutuluka.

Mphunzitsi wawo, mayi wamagalasi yemwe ophunzira ankamuti Jekiseni chifukwa mawu ake ankalowa osapempha, anamuitanira ku ofesi mapepala atachongedwa.

"Iwe unali m'gulu la otsogola. Ichi n'chiyani?" Anakweza pepala lomwe theka lake linali loyera. "Sindikufunsa za kwanu, sizindikhudza. Ndikungokuuza kuti ukalemba chonchi mayeso enieni, ubwereza chaka. Ndipo kolala ya yunifomu yakoyo yayamba kukulendewera. Wodwala akadzabwera kwa iwe akuoneka mmene ukuonekeramu, udzamuuza chiyani?"

Theka anatuluka. Pobwerera ku hositelo anadutsira kokagula buledi, mazira ndi nthochi. Wailesi atamuona akuthira shuga m'tiyi anaimirira n'kuvula chipewa chomwe sanavale.

"Takulandirani kwa amoyo."

"Mpaka mayeso athe basi," Theka anatero. "Ndatsika kale kwambiri. Kotsalako kuli zala ziwiri m'msoko uliwonse. Mbali ziwiri, ndi kumsana. Diresi likwana."

"Ndipo a homuweki uwauza?"

"Ndiziwatumizira zithunzi zakale."

Kwa masabata angapo anadya ngati munthu. Kuthamanga anachepetsa, n'kumanamizira bondo. Mutu unayera. Masamba a buku anayamba kutembenuka, zomwe wawerenga n'kumakhala. Nthawi zina ankadzimva ngati wakuba m'thupi lake lomwe, makamaka Chigamba akayankha chithunzi cha nkhaka za mwezi watha kuti, "Ndimakunyadira." Koma ankameza, n'kutsegula mutu wotsatira.

* * *

Uthenga wa Mayi Telala unafika kudzera kwa mwana wawo: diresi latha, abwere adzayese. Tsiku lomwe anasankha linali loti mawa lake mayeso ayamba. Theka anapempha kuti adikire sabata imodzi. Yankho linali lakuti telala sadikira kasitomala.

Tsikulo sanadye kanthu chidzukire, kuti mimba ikhale yophwa. Anafika masana dzuwa likuswa mtengo. Diresi linali litapachikidwa pakhomo la kabati, ndipo ngakhale mtima wake unali wolemera, anaima kaye n'kulisirira. Linali lokongola mochititsa mantha. Mayiwo anali ataikapo luso lawo lonse.

Analivala kuseri kwa katani, n'kutuluka atagwira kutsogolo. Mayi Telala anaima kumbuyo kwake n'kugwira zipi. Inakwera bwinobwino kudutsa m'chiuno, ndipo Theka anamva mtima ukudumpha. Inakweranso pang'ono. Kenaka inaima, pakati pa msana, pomwe nthiti zimayambira.

"Tulutsa mpweya."

Anatulutsa wonse, mpaka m'maso munachita mdima. Zipi sinasunthe.

"Kwatsala chikhatho chathunthu," mayiwo anatero, akuyeza ndi dzanja lawo lozizira pamsana pake. "Ndinamva kuti bondo likuvuta. Likuoneka kuti ndi bondo lokonda kudya."

"Mayi, ndayesetsa. Mawa ndikuyamba mayeso. Chikhatho chimodzi si chambiri, mukhoza kungomasula misoko."

Mayi Telala anapita pa makina n'kuyamba kulowetsa ulusi pa singano.

Kuseri kwa katani Theka anavula diresilo mosamala, n'kulitembenuza kuti awaonetse pomwe angamasule. Anayendetsa chala pa msoko wa kumanja. Anayang'ana wa kumanzere, kenaka wa kumsana. Anabwerezanso, pafupi ndi kuwala kwa zenera, ngati kuti maso amunamiza. Misoko yonse inali yometedwa mpaka pa ulusi, m'mphepete mwake atapitamo ndi makina kuti isayoyoke. Munalibe zala ziwiri. Munalibe ngakhale chikhadabo.

Anatuluka atalinyamula m'manja, lili chotembenuza.

"Mayi, mwameta."

"Nsalu inali yochepa."

Theka anayang'ana dengu lomwe linali pansi pa tebulo. Munali timizere tatitali ta nsalu yoyera yomweyo, topiringizika ngati makoko a zipatso, tili tonse ta muyezo wa zala ziwiri.

"Yunifomu yanga munkasiyamo malo. Madiresi a anthu onse mumasiyamo malo. Ndi inu nomwe munkati chovala chizikhala ndi pothawira."

"Yunifomu ndi ya mwana amene akukula. Iwe unakula kale, unapitirira." Anaponda makina kamphindi, n'kuimitsa. "Diresi lilibe vuto, mwanawe. Ndinaliyeza pa munthu, linakhala ngati anabadwa nalo."

"Pa munthu?"

"Chidole changachi chinathyoka mwendo. Mwana wa mnzanga uja anandithandiza kuima."

Chidolecho chinali chilili pakona pake pa masiku onse, chitavala jekete la kasitomala wina, mwendo wake uli bwinobwino.

"Mwezi uno ukatha zipi isanatseke," mayiwo anapitiriza osakweza mutu, "ndimuveka iyeyo, ajambulitse, chithunzi ndiike pazenera la shopu. Ntchito yotere singaolere m'kabati. Za ukwati tidzakambirana chaka china, mukadzakonzeka. Ulipachike bwino potuluka, ndipo ulibweze kumaso."

* * *

Chigamba anamupeza m'kantini ya pansi pa masitepe, dzuwa litapendeka. Padenga mapazi a othamanga pa lamba ankagunda osalekeza, makapu a pa shelefu n'kumalira pang'onopang'ono. Theka anali atakhala pa tebulo lawo lakale, lapafupi ndi khomo la kukhitchini, buku lili chotseka patsogolo pake. Chidzukire anali asanalawe kanthu.

"Zayenda bwanji?" Chigamba anafunsa akukoka mpando. Anakodola woperekera zakudya. "Tiyi, ndi banzi limodzi."

"Mayi ako anameta misoko."

Chigamba anakanda kuseri kwa khutu. "Ndikudziwa."

"Ukudziwa."

"Anati nsalu yopyapyala choncho, yotsalira m'kati imaonekera kunja. Ndi nkhani ya kasokedwe, Theka, ine sindidziwa zambiri."

"Iwe wakulira pansi pa tebulo lija. Unaonapo chovala chimodzi chomwe anameta?"

Chigamba anazungulitsa wotchi yake pamkono.

"Pamene ankaliyeza pa thupi la mtsikana uja, unali kuti?"

"Ndinangofika mwangozi. Anandipempha ndiwagwirire mapini."

Theka anayesa kuona m'maganizo mwake chipinda chija, galasi long'aluka, Nsungwi ataima m'diresi lake loyera zipi itatseka mpaka m'khosi, ndi Chigamba pambali, kambale ka mapini kali m'manja. Sizinamuvute kuona. Chithunzicho chinabwera chokha, chathunthu, ngati chomwe chidzaikidwe pazenera.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ukanataya mtima. Ndipo unali kuchita bwino kwambiri, zithunzi zako zonse ndinkaziona."

"Zithunzi zija n'zakale. Ndakhala ndikudya. Buledi, mpunga, dzira ndi chikasu chake chomwe. Ndinagona pa desiki m'mayeso oyeserera, Chigamba. Ndikapanda kudya sindikhoza, ndibwereza chaka."

Nkhope ya Chigamba inagwa, ndipo Theka anayembekezera kuti afunsa za kugona pa desikiko.

"Ndiye unkandinamiza?"

"Ndi chokhacho chomwe wamva?"

"Ayi, koma taona. Ukanapitiriza, bwenzi lero itatseka. Mayi akuti kwatsala chikhatho chimodzi basi."

"Ndiye akuimbira kale foni."

"Theka, ndili pakati. Ndi mayi anga. Ukufuna nditani, ndiwang'ambire diresi?"

"Ndikufuna undiuze amene ukufuna kukwatira. Ine, kapena amene akwane m'diresimo? Chifukwa wokwanamo alipo kale, sukufunika kudikira mwezi uthe."

"Usayankhule choncho." Anatambasula dzanja n'kugwira chala chake, ndipo mawu ake anafewa, anakhala a mnyamata wa pansi pa thanki uja. "Ndi iwe. Wakhala uli iwe kuyambira kale. N'chifukwa chake ndikufuna tithane nazo izi, atisiye. Masabata ochepa okha. Mayeso ulemba, kuthamanga uthamanga, anthu amakwanitsa. Ndapempha munthu atikonzere ndondomeko yabwino, yoti isakufoole."

"Munthu wake uti?"

Yankho linatsika lokha pa masitepe, thaulo lili m'khosi, botolo la madzi m'manja.

"Asisi, pepani ndamva za zipi," Nsungwi anatero akukoka mpando wachitatu, n'kukhala mbali ya Chigamba. "Koma musafooke. Kumsana kumavuta kwa aliyense, kumatsika pomaliza. Tikangochotsa buledi ndi mpunga, n'kuwonjezera kuthamanga kwa madzulo, ndikulonjezani. Diresi lija n'lokongola, ndipo n'lopepuka, simumva n'komwe kuti mwavala kanthu." Anamwa madzi. "Achimwene, mwaitanitsa chiyani? Ine njala yandipha, ndaphunzitsa makalasi atatu osapuma."

Woperekera zakudya anafika n'kuika tiyi patebulo, ndi kambale ka banzi limodzi, lotentha, lonyezimira pamwamba. Fungo lake linamufika Theka mpaka m'mutu. Padenga mapazi ankagundabe.

Chigamba anatenga banzilo n'kulinyema pakati. Anayerekeza zidutswa ziwirizo, monga ankachitira nthawi zonse. Dzanja la Theka linali litatseguka kale patebulo, lokha, osalituma. Chigamba analiyang'ana dzanjalo, anayang'ana buku lotseka lija, kenaka anayang'ana m'chiuno mwake.

"Zipi ija, Theka," anatero motsitsa mawu.

Chidutswa chokulirapo anapatsa Nsungwi. Chinacho anadya yekha.